Tsiku lotanganidwa pa kalabu ya ndege zopanda injini: kuyambira kutsegula shedi mpaka kuitseka

Loweruka la mwezi wa June kumwera kwa England dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, n'kukalowa 9 koloko ya usiku itadutsa. Kukacha bwino, kalabu ya ma glider, ndege zopanda injini zija, imadzaza. Ophunzira ali pa mndandanda, alendo odzalawa kuuluka akudikira, eni ndege zawozawo akulumikiza mapiko pafupi ndi ngolo zawo, ndipo aliyense akufuna akhale ali m'mwamba mitambo yabwino isanabalalike. Ndi mmene zimakhalira ku Lasham ku Hampshire, kapena ku London Gliding Club ku Dunstable, yomwe inayamba mu 1930. M'makalabu ambiri a pansi pa British Gliding Association (BGA) ntchito yaikulu amagwira ndi mamembala eni ake osalipidwa, choncho wolowa kumene amayamba kukankha ndege, kugwira phiko ndi kukoka chingwe asanadziwe n'komwe kuulutsa. Malangizo awa ndi a munthu ameneyo, komanso a amene wapatsidwa udindo woyendetsa bwalo tsiku limenelo.

Pa tsiku lotere nthawi imapezeka pansi: kubweza zingwe msanga, kuchotsa pa njira ndege imene yatera, woyendetsa wotsatira kukhala atavala kale parachuti. Pa kuyendera ndege sipadulidwa nthawi. Kalabu imene yasokoneza ziwirizi imathamanga poyenera kudekha, n'kumazengereza poyenera changu.

Shedi isanatsegulidwe

Mlangizi wa tsikulo amayamba ndi nyengo ndi ma NOTAM, zidziwitso zonena kumene lero kuli zionetsero za ndege, odumpha ndi maparachuti kapena dera lotsekedwa. Mphepo ndiyo imalamula zonse. Ndege imanyamuka moyang'anana ndi mphepo, ndiye winchi, makina okoka chingwe chonyamutsira ndege, imakaikidwa kumapeto kwa bwalo kumene mphepo ikuchokera, malo onyamukira kumapeto enawo. Musangoona mmene ikuwombera 8 koloko, onaninso kumene ikhale ikuchokera masana. Kusamutsa winchi, zingwe, galimoto yolamulira ndi ndege zonse pakati pa tsiku kumadya nthawi yokwana maulendo angapo.

Kutalika kwa mitambo mungakuyerekeze nokha. Chotsani dew point, mlingo wa kutentha pamene mpweya umayamba kupanga mame, pa kutentha kwa mpweya, chotsalacho muchulukitse ndi mafiti 400. Kukatentha madigiri 22 pomwe dew point ili pa 12, tsinde la mitambo likhala cha pa mafiti 4,000.

Wina ayende bwalo lonse pa galimoto, pang'onopang'ono, akuyang'ana maenje a akalulu, zidutswa za chingwe za dzulo, malo olowa madzi ndi udzu umene watalika. Udzu wautali si nkhani ya maonekedwe ayi. Umakola nsonga ya phiko ponyamuka.

Kenaka msonkhano wachidule, ndipo ntchito zigawidwe potchula maina: woyendetsa winchi ndi womulandira masana, wokoka zingwe, wolemba kaundula, woyang'anira malo onyamukira, woyendetsa ndege yokoka. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ntchito imene mwangoti "wina aichita" siichitika.

Kutulutsa ndi kuyendera ndege

M'shedi ndege zimakhala zolowetsana mapiko ngati zala zopingasa, ndipo zambiri zimavulalira momwemo, osati m'mwamba. Wolamula akhale mmodzi. Nsonga iliyonse ya phiko ndi mchira zikhale ndi woziyang'ana, ndipo aliyense woona kuti pagundana afuule kuti "Stop" osadikira chilolezo. Phiko amagwira munthu mmodzi yekha. Posinthana wina amati "your wing", mnzake n'kuyankha "my wing", ndipo woyambayo sasiya asanamve yankho. Kankhani pa mphuno kapena kutsogolo kwa phiko pafupi ndi thupi la ndege. M'mbali ya kumbuyo ya phiko ndi yopyapyala, musakankhirepo. Musanyamule ndege pogwira kaphiko ka kumchira.

Ndege iliyonse imayenderedwa tsiku lililonse isanauluke, ndipo woyendera, amene kalabu inamuvomereza, amasaina m'buku la DI, lolembamo za kuyendera kwa tsiku ndi tsiku. Yambani ndi kuwerenga bukulo kuti muone zimene adandaula a dzulo. Tione ASK 21, imene aliyense amangoti K-21, ndege ya mipando iwiri yopangidwa ndi Alexander Schleicher ku Poppenhausen, Germany, yomwe inayamba kuuluka mu 1979 ndipo makalabu ambiri amaphunzitsira. Mapiko ake ndi otambalala mamita 17, yopanda munthu imalemera pafupifupi makilogalamu 360, ndipo siyenera kupitirira 600 ikanyamula.

Yambirani mkati. Mapini awiri aakulu ogwira mapiko alowe mpaka kumapeto ndipo akhale okhomedwa. Mapini a kumbuyo kwa phiko nawonso. Pa K-21 ma aileron (ziwalo za kumbuyo kwa mapiko zopendeketsa ndege) ndi ma airbrake (ziwalo zotuluka pa mapiko zothandiza ndege kutsika potera) amalumikizidwa ndi timfundo ta L'Hotellier, kachikho kovala kampira kachitsulo, mkati mwa thupi kuseri kwa mpando wa kumbuyo. Vuto la timfundo timeneti n'lakuti kachikho kamatha kungokhala pamwamba pa kampira osalowa, n'kumaoneka ngati kagwira. Muunikire ndi tochi, mukoke ndi dzanja, muone kuti kapini kotetezera kalowa pa bowo lake. Mukatero yesani ndi mnzanu: iye agwire aileron ndi zikhatho zonse ziwiri, inu mukankhe ndodo yowongolera molimbana naye mbali zonse ziwiri, kenaka elevator (chiwalo cha kumchira chodzutsa ndi kutsitsa mphuno), rudder (chiwalo cha kumchira chokhotetsa mphuno uku ndi uku) ndi airbrake iliyonse payokha. Kugwedeza ndodo popanda wogwira sikutsimikizira kanthu, chifukwa chitsulo chosalumikizidwa chimathabe kukankha chiwalocho ndege ili pansi, n'kudzachitaya ili m'mwamba. Ngati ndegeyo yalumikizidwa kumene kuchokera m'ngolo, munthu wachiwiri amene sanalumikize nawo ayenderenso zolumikizira zonse.

Amene akuyendera ndege salankhulitsidwa. Mukamudula pakati, ayambirenso poyamba. Zolumikizira zambiri zoiwalika zimachokera pa funso laling'ono ngati "makiyi a thirakitala ali kuti?"

Fufuzani pansi pa mipando ndi m'makona. Kandalama, cholembera kapena foni zikalowa pa zitsulo zowongolera zimatha kuzikanikiza. Malamba asakhale othetheka, loko wake atseke ndi kutseguka bwino. Batire, lomwe nthawi zambiri ndi la 12 V, 7 Ah, limangidwe zolimba. Yatsani wailesi, variometer yoonetsa ngati ndege ikukwera kapena kutsika, ndi FLARM, kachipangizo kochenjeza ndege zikamayandikizana. Altimeter, chida choonetsa kutalika kumene ndege ili m'mwamba, muiike pa ziro ngati ndegeyo iulukira pafupi. Timabowo ta pitot ndi static, tolowetsa mpweya ku zida zoyezera, tisatsekeke ndi matope kapena tizilombo, koma musauziremo ndi pakamwa, mungaphulitse chida choyezera liwiro.

Mbedza zokolera chingwe zilipo ziwiri, ya pamphuno ya ndege yokoka ndi ya pamimba ya winchi. Iliyonse muiyese ndi mphete zenizeni za Tost: mphete igwe yokha mukakoka chogwirira chachikasu chomasulira chingwe, imasukenso chingwe chili chokokedwa mwamphamvu, ndipo ya pamimba imasuke yokha mphete ikakokedwera kumbuyo. Kampani ya Tost imafuna mbedza ipite kokakonzedwa ikatsegulidwa ka 10,000, n'chifukwa chake kaundula wa maulendo amafunika kukhala wolondola.

Kenaka zungulirani kunja, mbali imodzimodzi tsiku lililonse kuti pasakhale podumpha. Matayala a K-21: lalikulu 2.7 bar, la kumphuno 2.0, la kumchira 2.5. Tayala lophwa limatsetsereka pa limu pogwira buleki n'kudula valavu, ndiye onani ngati kachizindikiro ka penti kodutsa pa tayala ndi limu kadakali pamzere umodzi. Yang'anani ming'alu pa khungu loyera la ndege, makamaka m'makona a mabokosi a airbrake, pozungulira tayala ndi pamene thupi limaonda kutsogolo kwa mchira. Malo okayikitsa agogodeni pang'ono ndi kandalama. Pabwino pamalira mwakuthwa, pamene nsalu za galasi zalekana pamalira mogontha. Gwedezani nsonga ya kaphiko ka kumchira mofatsa, kasamasewere. Tepi yomata pa mpata wa phiko ndi thupi ikayamba kumatuka isintheni, imachititsa phokoso ndi kunjenjemera.

Canopy, chivindikiro choonekera chija, ndi chodula kwambiri ndipo chimakalika msanga. Tsukani ndi madzi ambiri ndi nsalu yofewa yoyera, osapukuta fumbi pouma. Musachinyamule pogwira pa kawindo ka m'mbali, ndipo musachisiye chotsegula mukachokapo ngakhale kwa mphindi imodzi, mphepo imachimenyetsa n'kuchiswa.

Pokokera ndege ku malo onyamukira ndi galimoto, chingwe chitalike kuposa theka la mapiko, kwa K-21 kuposa mamita 9, kuti ndege ikatembenuka phiko lisamenye galimoto. Liwiro ndi la munthu woyenda pansi, windo la dalaivala lotsegula, wailesi ya nyimbo yozimitsa. Pa mtsetse wina ayende pa mphuno kuti aigwire. Poimika, phiko la kumene kukuchokera mphepo ligone pansi ndi kupsinjidwa ndi matayala akale, lina litchinge mchira kuti isatembenuke.

Winchi ndi chingwe chake

Mawinchi ambiri a ku Britain, monga a Skylaunch, ali ndi injini ya V8 yoyendera gasi wa LPG ndi madilamu awiri okulungira zingwe. Woyendetsa aone oyilo, madzi, gasi, mabuleki a madilamu, ndi timagudumu todutsa chingwe ngati tikuzungulira momasuka popanda mikwasa yodya chingwe. Aonenso guillotine, mpeni wodulira chingwe ndege ikalephera kuchimasula. Winchi iime molunjika malo onyamukira, yotsekeredwa matayala, ndipo injini itenthe kaye. Injini yozizira imatsamwa pamene ndege yangochoka pansi, nthawi yoipitsitsa yoti mphamvu ithe.

Chingwe chimakhala chachitsulo chopota, cha mamilimita 4.5 kapena kuyandikira apo, kapena cha Dyneema, chopepuka kwambiri moti ndege imakwera kuposerapo. Ulendo woyamba usanachitike, chingwe chonse chitambasulidwe ndi kuyenderedwa. Pa chachitsulo mukufuna timawaya tothothoka, mopindika ndi mfundo zakale zoperepeseka. Dulani malo oipawo, mulumikize ndi ma ferrule opanidwa ndi pulesi. Valani magolovesi, timawaya timalowa m'dzanja ngati minga. Cha Dyneema sachimanga mfundo, chimaterera ndi kufooka. Amachiluka polowetsa nsonga iliyonse mkati mwa inzake ndi singano yake.

Kumapeto kwa chingwe, kuyambira ku ndege, kuli mphete ziwiri za Tost, kachingwe ka mamita atatu kovekedwa paipi kuti kaume kasakolekere ku tayala, weak link, chingwe china chotalikirapo, kenaka parachuti yaing'ono imene imagwetsa chingwe mwadongosolo chikamasulidwa. Weak link ndi kachitsulo kopangidwa dala kuti kaduke mapiko asanalemedwe kupyola muyeso, ndipo mphamvu yake imadziwika ndi mtundu: kakuda 1,000 daN, kabulawuni 850, kofiira 750, kabuluu 600, koyera 500. DaN imodzi ndi pafupifupi kulemera kwa kilogalamu imodzi. K-21 imafuna kakuda, ndege ya mtundu wa K-13 kabulawuni, ya K-8 kabuluu. Kofooka kuposa koyenera kamaduka pakati pa ulendo. Kolimba kuposa koyenera sikaduka pomwe kanayenera kuduka, ndipo choipa kwambiri ndi chimenechi. Kabowo ka pakati pa kachitsuloko kakayamba kutalika ngati dzira, katayeni. Kumene amaika tiwiri, kamodzi kamakhala ka mabowo ozungulira, kenako ka mabowo aatali kodikirira. Mukaika tiwiri tofanana mwawirikiza mphamvu, ndipo chitetezo chatha.

Wokoka zingwe ndiye mwini liwiro la tsiku. Akhale ali kale pa winchi pamene chingwe chachiwiri chikugwa. Ayende mzere woongoka, liwiro limodzi, ndipo achepetse pang'onopang'ono pofika. Akaima mwadzidzidzi dilamu imapitiriza kuzungulira, chingwe n'kupiringizana ngati chisa cha mpheta, ndipo kumasula chisa chimenecho kumaimitsa bwalo lonse. Zingwe ziwiri zisapingasane. Mphepo ikamawomba cham'mbali, yambani ndi chingwe cha mbali imene mphepo ikulowera, kuti pogwa chisagwere chinzake. Pamene chimodzi chikukoka ndege, chinacho musachikhudze kapena kuchiponda, chikakolana ndi chinzake chimathamanga nacho limodzi.

Pa malo onyamukira

Woyang'anira pano aziona maulendo awiri kutsogolo. Pamene ndege imodzi ikumangidwa chingwe, yotsatira ikhale ndi anthu ake atakhala kale, malamba omanga, ndipo ya chitatu oyendetsa ake akuvala maparachuti. Mlangizi ndi wophunzira akambirane za ulendo wawo ali pambali, osati chingwe chili pansi chikuwadikira.

Asanakwere, woyendetsa azungulire ndege: palibe chowonongeka chatsopano, zitsulo zolemetsa za wophunzira wapita zachotsedwa, ndipo kangolo kovekedwa kumchira pokoka ndege pansi kavulidwa. Kakaiwalika kamalemetsa mchira moti ndege siwongoleka. Mpando wa kutsogolo wa K-21 umafuna munthu wosachepera makilogalamu 70 pamodzi ndi parachuti, wosapitirira 110, koma werengani kapepala komatidwa m'ndege imeneyo, chifukwa ndege yokonzedwapo manambala ake amasintha. Wopepuka amuikire zitsulo zomangidwa ndi mabawuti, osati thumba la mchenga longoikidwa.

Atakhala, amatsata mokweza mawu CB SIFT BEC, zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi zokumbutsa zoyenera kuona: zowongolera, kulemera, malamba, zida zoyezera, ma flap (ziwalo za phiko zosintha mphamvu yake yonyamula, ngati ndegeyo ili nazo), trim (kachogwirira kokhazikitsa liwiro la ndege), ma airbrake otsekedwa ndi kukhomedwa, zochita chingwe chikaduka, ndipo pomaliza canopy yotsekedwa, yokankhidwa m'mwamba pang'ono kutsimikiza kuti yagwira. Airbrake yotsekedwa koma yosakhomedwa imayamwidwa ndi mphepo n'kutseguka ndege ikathamanga.

Chingwe chimamangidwa pokhapokha woyendetsa atapempha. Womanga amuonetse mtundu wa weak link, akole mphete yaing'ono pa mbedza ya pamimba, akoke mwamphamvu, achoke kutsogolo. Wogwira phiko ayang'ane kutsogolo, m'mwamba ndi kumbuyo ngati kulibe ndege yotera, anene kuti "All clear above and behind". Pamenepo chizindikiro choyamba ndi "Take up slack", kuti winchi ikoke pang'onopang'ono mpaka chingwe chiwongoke: chikwangwani chogwedezedwa m'munsi, kapena nyale yophethira mochedwa. Chikawongoka, "All out", kuti winchi ikoke ndi mphamvu: chikwangwani chogwedezedwa pamwamba pa mutu, nyale yophethira mofulumira. "Stop" ndi chikwangwani choimitsidwa chilili pamwamba, nyale yoyaka osaphethira. Mawu amenewa angafuule aliyense, ngakhale mlendo wafika lero, ndipo woyendetsa akangowamva amamasula chingwe. Ndege ikagudubuka n'kuponda chingwe chake, imitsani, chingakhale chakolekera ku tayala.

M'masekondi atatu kapena anayi ndege imakhala itafika pa liwiro loulukira, ndiye zolakwika za apa sizipereka mpata woganiza. Wogwira phiko aligwire mopepuka ndi zala, athamange nalo, osalikokera kumbuyo. Akamva kuti likukankhira pansi kapena m'mwamba mwamphamvu ulendo usanayambe, aimitse. Woyendetsa dzanja lamanzere likhale pa chogwirira chachikasu kuyambira pachiyambi. Phiko likayamba kugwa, amasule lisanakhudze pansi. Nsonga ikakola udzu winchi ikukoka, phiko linalo limapitiriza kuuluka ndipo ndege imatha kugudubuzika n'kugwa chagada. Kudikira kuti "mwina lidzuka" ndiko kumapha.

Ikachoka pansi, akwere mosapsinja kufikira liwiro litakwana ndipo likuonjezekabe, kenaka adzutse mphuno pang'onopang'ono, osachepera masekondi asanu kufika pa kukwera kwathunthu. Kudzutsa mphuno mwachangu pafupi ndi nthaka kumatha kulanda mapiko mphamvu yonyamula, phiko limodzi n'kugwa. Pa winchi K-21 isapitirire 150 km/h, omwe ndi ma knot 81. Liwiro likachuluka ndege ili kale m'mwamba, woyendetsa amagwedeza mchira uku ndi uku ndi rudder kuti wa pa winchi achepetse. Likachuluka ili pafupi ndi nthaka, asatekeseke nalo, apitirize kukwera bwinobwino. Kutengera kutalika kwa bwalo ndi mphepo, ndege imamasula chingwe pakati pa mafiti 1,000 ndi 2,000.

Chingwe chikaduka

Chimaduka ndithu, ndipo pa tsiku la maulendo ambiri muyembekezere zimenezo. Woyendetsa atsitse mphuno nthawi yomweyo kupyola pa mmene imakhalira pouluka bwino, adikire mpaka chida chionetse liwiro lotelera, lomwe kwa K-21 kopanda mphepo yambiri ndi cha pa ma knot 55, akoke chachikasu kawiri. Asatembenuke kapena kutsegula ma airbrake liwirolo lisanakwane. Mphuno kuloza pansi sindiye kuti liwiro lafika, pamatenga masekondi angapo. Ngati kutsogolo kuli malo okwanira, atere kutsogolo komweko, ngakhale kukhale kutali ndi malo onyamukira. Kuyenda mtunda wokatenga ndege n'kotchipa.

Pansi, ulendo wina usayambe mpaka zidutswa zonse zitapezeka. Wa pa winchi asakulunge chotsala asanauzidwe kuti palibe munthu, galimoto kapena ndege pa njira yake. Chingwe chikagwera pa mawaya a magetsi, wina asachiyandikire, imbirani a kampani ya magetsi. Weak link ikaduka kawiri motsatizana pa ndege imodzi, musangosintha kachitsulo. Funsani ngati woyendetsa akukoka ndodo mopitiriza, kapena wa pa winchi akupereka mphamvu yoposa ya ndege imeneyo.

Kukokedwa ndi ndege ina

Ofuna kupita kutali amakonda kukokedwa ndi ndege ya injini, monga Piper Pawnee, Robin DR400 kapena EuroFOX, pa chingwe cha mamita 50 mpaka 60, kawirikawiri kufika mafiti 2,000. Chingwecho muchiyendere ndi manja m'mawa, ndipo pa ulendo uliwonse muone ngati sichinadzimange mfundo pokwekwereka, mfundo imachifooketsa kwambiri. Ngozi yaikulu pano ndi glider kukwera pamwamba pa ndege yokoka: imanyamula mchira wa yokokayo n'kuilozetsa pansi. Woyendetsa glider akangosiya kuiona ndege yokoka, amasule pompo. Yokoka ikagwedeza mapiko, akuti masulani tsopano. Ikagwedeza rudder, akuti onani ma airbrake anu, atseguka. Woyendetsa Pawnee asatseke mphamvu mwadzidzidzi potsika, chifukwa mitu ya masilinda ya injini yake ya Lycoming ikazizira mofulumira imang'aluka. Potera chingwe chimalendewera kumbuyo ndi mphete zachitsulo kunsonga, ndiye pansi pa njira yake pasakhale munthu kapena galimoto.

Musanyamutse ndege ya winchi ndi ya kukokedwa nthawi imodzi. Woyang'anira mmodzi ndiye amanena amene akupita.

Dzuwa likafika pamutu

Zolakwika zimachuluka masana, anthu atatopa, ndipo amene anamva malangizo a m'mawa ena apita. Wa pa winchi alandiridwe, amakhala yekha kutali ndipo amaiwalika. Wobwera mochedwa auzidwe za mphepo ndi njira yotelera asanakhudze kanthu. Madzi akumwa akhalepo ambiri, pansi pa canopy pamatentha ngati m'galimoto yotseka mawindo. Chipewa chikhale cha mlomo waung'ono kuti chisatchinge maso.

Ndege ikatera, galimoto yokaitenga inyamuke nthawi yomweyo, dalaivala atayang'ana kumwamba asanadutse njira yotelera. Ndege yosiyidwa pakati pa bwalo imatsekereza otera ndi onyamuka omwe.

Mvula ikawaza, pukutani mapiko musananyamuke. Madontho pa phiko amapangitsa kuti ndege ifune liwiro lalikulu kuti iuluke. Kukamveka ziphaliwali pafupi, winchi iime, chingwe chachitsulo chotalika chotero chimaitana mphenzi. Amene ali ku South Africa ndipo amapita ku Magalies Gliding Club pa bwalo la Orient, kumadzulo kwa Johannesburg, zimenezi azidziwa bwino m'chilimwe. Kumenekonso bwalo lili pamwamba kuposa mafiti 5,000, ndiye kukatentha mpweya umapepuka, ndege yokoka imathamanga mtunda wautali isanadzuke ndipo imakwera mwaulesi. Kamvuluvulu, yemwe kwa ali m'mwamba ndi chizindikiro cha mpweya wokwera umene akabawi amazungulirapo, pansi amatha kutembenuza ndege yoimikidwa mosasamala.

Ndege ikatera mwamphamvu, kapena phiko likakola pansi n'kuizungulitsa, siulukanso mpaka woyendera wovomerezeka ataiona, ngakhale kunja ikuoneka yabwino. Mng'alu umabisala mkati, pa mafupa ogwira tayala, pansi pa mipando ndi pa tsinde la mchira. Wonena yekha kuti wateretsa moipa musamunyoze pagulu, chifukwa mukatero wotsatira adzabisa.

Zing'onozing'ono zimakonzedwa pomwepo ndi amene ali ndi chilolezo: kusintha chubu, kumata tepi, kupaka girizi pa mapini, kusintha batire. Buleki ya K-21 imagwira mukakoka chogwirira cha airbrake mpaka kumapeto. Ikalephera musathiremo mafuta alionse amene mwapeza. Mabuleki ena amafuna mafuta a mineral, ena DOT 4, ndipo olakwika amatupitsa timalabala tonse. Safunsa anadya phula, tsegulani buku la ndegeyo. Chokhudza mapiko, thupi kapena zowongolera ndi cha inspector wa BGA. Chilichonse chokonzedwa chilembedwe, ndipo masipanala awerengedwe pomaliza kuti ina isatsalire m'mimba mwa ndege.

Wolemba kaundula asachoke pa mpando popanda womulandira. Amalemba nambala ya ndege, maina, mtundu wa kunyamuka, nthawi yonyamuka ndi yotera. Ndalama zimawerengedwa kuchokera m'menemo, maola a ndege ndi a mbedza zake chimodzimodzi, koma chachikulu n'chakuti ndi kaundula yekhayo amene angaulule kuti wina sanabwere.

Madzulo

Dzuwa likapendeka limathobwa m'maso potera, ndipo mpweya ukazizira canopy imachita nthunzi mkati. Ikachita nthunzi musanyamuke poganiza kuti iyera m'mwamba. Mwa lamulo la ku Britain usiku umayamba mphindi 30 dzuwa litalowa, koma pansi pamada msanga kuposa mmene wa m'mwamba akuonera, ndiye mlangizi alengeze ulendo womaliza nthawi ikadalipo.

Pitani mu kaundula mzere ndi mzere. Ndege iliyonse yonyamuka ikhale ndi nthawi yotera, kapena uthenga wakuti yatera m'munda wakutiwakuti. Yosowa ifufuzidwe pa wailesi, pa foni ndi pa mapu a FLARM a pa intaneti, ndipo ikapanda kupezeka mlangizi adziwitse opulumutsa kusanade. Okatenga yotera kumunda aone kuti atenga ngolo yake yeniyeni, kuti ndi yopanda ndege ina mkati, zomangira zonse zilimo, ndipo magetsi ake akuyaka. N'chifukwa chake wopita kutali amasiya galimoto yake ili ndi mafuta ndi makiyi pamalo odziwika. Kumundako pemphani kaye mwini munda musanalowetse galimoto, tsekani zipata, ndipo ngati muli ng'ombe wina akhale pa ndege, zimainyambita ndi kuiponda.

Tsukani tizilombo tofera kutsogolo kwa mapiko lero lomwe, tikagonera timauma ngati phula. Chotsani matope m'bokosi la tayala. Mabatire apite ku chaja, aliyense pa chaja cha mtundu wake, chifukwa a lead ndi a lithium safuna chofanana. Maparachuti alowe m'zikwama zawo, m'kabati youma, osati pansi kapena pafupi ndi mafuta, ndipo amene tsiku lake lopindidwanso lakwana aikidwe padera. Zingwe zikulungidwe, gasi wa winchi atsekedwe, ma weak link oduka asinthidwe usiku womwewo. Polowetsa ndege m'shedi, wolamula akhalenso mmodzi ngati m'mawa, ndipo imene idzayambe kuuluka mawa ilowe pomaliza. Ndege imene ili ndi vuto ilembedwe m'buku la DI, ndipo pa ndodo yake yowongolera pamangidwe chikwangwani cha U/S, kutanthauza kuti siyoyenera kuuluka, chonena vutolo, tsiku ndi dzina la wolemba, kuti wotsegula shedi mawa achione asanaikankhire panja.